Agogo Kuseri kwa Chipewa

Ndikukumbukira fungo la bafa yathu ya ku Mpopoma, uko ku Halale. Linali fungo lowawasa ngati viniga, ndipo linkalowerera m'matawulo ndi m'sopo momwe, moti ngakhale usambe chotani unkatuluka ukununkhabe zithunzi. Bambo anga anali wojambula. Anthu a m'dera lathu ankawatcha uBanda wezithombe, kutanthauza Banda wa zithunzi m'Chindebele, ndipo m'mizere ya nyumba zathu zija munalibe ukwati, ubatizo kapena khanda limene silinadutse m'kamera mwawo. Zithunzi zamitundu, zimene zinkatidyetsa, ankakatsukitsa m'tauni. Koma zakuda ndi zoyera ankatsuka okha m'bafa muja, atakhoma bulangeti pazenera ndi kutseka kampata kapansi pa chitseko ndi chitenje cha mayi. Tsoka lake chimbudzi chinali momwemo. Bambo akadzitsekera, amene zamuthina ankapita kukagogoda kwa aneba.

Zakuda ndi zoyerazo sizinali za anthu ayi, zinali za magalimoto. Chaka chilichonse, majakaranda akachita maluwa, eni magalimoto amakedzana ankawatulutsa m'magalaja n'kuwayendetsa mondondozana m'misewu yotakata ya m'tauni. Anali magalimoto a maso otong'oka ndi matayala opyapyala, ena opanda denga, ena olizidwa popukusa chitsulo kutsogolo. Bambo ankawakonda mochititsa manyazi. Filimu yake inali itayamba kale kusowa m'masitolo, ndiye akaipeza ankaisungitsa mufiriji ya aneba, pafupi ndi majarini, n'kumapita kukaizonda ngati wodwala. Mayi ankangopukusa mutu n'kufunsa kuti magalimoto amenewo anawalipirapo liti. Bambo ankangopitiriza kupukuta galasi la kamera ndi kansalu kawo kachikasu.

Kujambula galimoto ikuyenda kuli ndi luso lake, ndipo bambo ankalitcha kuperekeza. Ankati ukaima chilili n'kudina galimoto ikudutsa, umangotola chimbuuzi. "Galimoto ndi mlendo," ankatero. "Sumutsanzikira pakhomo, umamuperekeza." Ankaponda mapazi moloza kumene galimotoyo ikupita, n'kupotoza chiuno kuyang'ana kumene ikuchokera. Ikamabwera ankaitsata ndi kamera, thupi likutembenuka molingana ndi liwiro lake, n'kudina ali m'kati motembenuka, osaima mpaka itapitirira. Zikayenda bwino, galimoto inkatuluka yooneka mpaka timisomali, pamene mitengo ndi anthu a kumbuyo kwake ankasanduka mizeremizere. Zikavuta, zonse zinali phala. Ndipo mpata unali umodzi wokha, chifukwa pomwe chala chizikoka filimu kuti adinenso, mlendo anali atapita kale. Pokonzekera, bambo ankaima pamsewu wathu ndi kamera yopanda filimu n'kumaperekeza makombi opita m'tauni. Makondakitala ankatulutsa mitu pazenera kuwaseka m'Chindebele, ine n'kumabisala kuseri kwa mpanda, ngati kuti anzanga sankadziwa kale kuti wamisalayo ndi bambo a ndani.

Munthu mmodzi yekha ndiye anakana kudutsa m'kamera ya bambo, ndipo ankagona m'nyumba mwathu momwemo. Anali agogo aamuna, a Phiri, bambo awo a mayi anga. Anachoka ku Ntcheu ndevu zisanamere, anabwera wapansi kudzera ku Tete, ndipo mphamvu zawo zonse zinathera panyumba ya mzungu wina kumayadi, kuthirira maluwa, kutsegula geti ndi kutsuka galimoto. Pa ukwati wa mayi, nthawi yojambula itakwana anazemba n'kukaima kumene ankaphika. Pa ubatizo wanga anatembenukira kukhoma. Ine ndinkayesa amaopa kuti kamera iwayamwa magazi, koma tsiku lina tikupalira m'kadimba ka masamba kuseri kwa nyumba anandiuza okha.

"Chithunzi chili ndi miyendo, iwe Ndaziona," anatero. "Lero chili pakhoma pano, mawa wina wachitenga wapita nacho kumudzi. Akandione ndili chonchi?"

Pochoka kwawo anali atalonjeza mlongo wawo wamng'ono, a Esitere, kuti adzabwera pa galimoto. Mtsikanayo anawaperekeza mpaka pamtsinje atawasenzera kamtolo kawo, akulira, iwo n'kumamutonthoza ndi lonjezo lokomalo. Zaka zinapita, galimoto sinapezeke, manyazi anatalika kuposa njira. Anasanduka mtchona. Mawu amenewa sitinkawatchula m'nyumba mwathu, ngakhale kuti mu mzere wathu munali nkhalamba zingapo zamtundu womwewo, zimene madzulo zinkakhala pansi pa mpichesi kukangana za mayina a mitsinje ya kwawo.

Ndili ndi zaka ngati khumi, kunabwera mayi wina wa geni wa ku Ntcheu, a Nachisale, amene ankagona kwa anthu a mpingo wathu popita ku Joni ndi pobwerako. Atamva dzina la mudzi wa agogo anaomba m'manja. A Esitere ankawadziwa. Anali moyo, okalamba, maso atayamba kuchita mdima, ndipo aliyense wochokera ku Halale ankamufunsa za mlongo wawo. Ulendo wotsatira a Nachisale anabwera ndi uthenga, n'kugwada pakhonde kuupereka.

"Akuti za galimoto zija zikhale, bambo. Angofuna aone nkhope yanu maso awo asanatsekeke."

Zoti agogo apite kumudzi zinali zosatheka, miyendo inali itatha ndipo mapepala aulendo analibe. Bambo anaona ngati nkhaniyo ndi yapafupi. Ankadziwana ndi eni magalimoto ambiri, ndiye anati akawaimika agogo pambali pa galimoto yonyezimira, dzanja pachitseko, n'kudina, basi. Agogo anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa.

"A Banda, galimoto yoima ndani sanaitsamirepo? Anzanga onse anatumiza kumudzi zithunzi atatsamira galimoto ya bwana, bwanayo ali kutchalitchi. Kumudzi anazitulukira kalekale zimenezo. Amayang'ana matayala, akaona kuti aima amati uyu ndi wotsuka. Ine ndikati ndijambulidwe, ikhale ikuyenda, ine ndili m'kati."

Mwamwayi, kapena mwatsoka, galimoto imene agogo ankatsuka zaka zonse zija inali ikadalipo. Bwana uja atamwalira inakhala nthawi yaitali nkhuku zikuikiramo mazira, kufikira makanika wina wa ku Tshabalala, a Ndlovu, anaigula n'kuiukitsa pang'onopang'ono. Inali yakuda, yopanda denga, ya mipando yachikopa. Agogo ankadziwa kachipsera kalikonse pathupi pake, koma pampando wake anali asanakhalepo ngakhale kamodzi. Popukuta m'kati ankagwada pachopondera chapambali. Bambo atawafotokozera a Ndlovu nkhaniyi, munthuyo sanachedwe. Anati khulu, kutanthauza agogo, akwere, akhale kumbuyo ngati bwana, iye akhala dalaivala wawo, ndipo mdzukulu akwerenso. Mdzukuluyo ndinali ine, ndipo sabata imeneyo kusukulu ndinadzitama mpaka anzanga anasiya kundigawira maputi.

Mayi anatulutsa suti ya agogo m'sutikesi. Inali itasuluka pamapewa, kuda kwake kutayamba kubiriwira. Mayi anafuna filimu yamitundu kuti kumudzi akaone bwino, koma bambo anakana. Anati yamitundu ndi yamiseche, imaulula chilichonse, pamene yakuda ndi yoyera imasunga chinsinsi cha mmphawi, suti yosuluka imatuluka ngati yogula dzulo. Agogo anavomera ndi mutu. Kenaka panabwera nkhani ya chipewa. Chinali chipewa chotuwa cha mlomo waukulu, chachikale kuposa mayi anga, ndipo agogo ankati mwamuna wa pagalimoto wopanda chipewa ali ngati nyumba yopanda denga. Anachipukuta ndi burashi ya nsapato sabata yathunthu.

Tsikulo linali Loweruka lotentha. Magalimoto anasonkhana pabwalo lina m'tauni, ponseponse pakununkha petulo ndi polishi, amuna a makabudula akuzungulirazungulira ndi tinsanza m'manja. Bambo anayesa kuwanyengerera komaliza.

"Bambo, ndikujambuleniko chimodzi pompano isananyamuke, chongosungira. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Agogo anatchinga galasi la kamera ndi chikhatho. "Mukatero mudzatumiza chomwecho. Pitani kumsewu."

Bambo anapita. Malo anali atasankha kale, pamene msewu unawongoka, dzuwa kumbuyo kwawo, majakaranda tsidya linalo. Nthawi yonyamuka itakwana, agogo anavula jekete n'kulunjika kutsogolo kwa galimoto kuti akapukuse chitsulo, monga ankachitira kale. A Ndlovu anawagwira pamkono akuseka. "Hayi, khulu, lero ndinu bwana." Anawavekanso jekete, anawatsegulira chitseko. Agogo anapukuta nsapato zawo paudzu kwa nthawi yaitali, kenaka anakwera n'kukhala chakumapeto kwa mpando, ngati munthu amene akudikira kuti amuthamangitse.

Galimoto ija inkanjenjemera thupi lonse. Chikopa cha mpando chinkandiotcha m'ntchafu, mphepo inkandilowa m'kamwa chifukwa sindinkatha kutseka pakamwa, ndipo maluwa a majakaranda ankatigwera pamiyendo. M'mbali mwa msewu anthu ankatikwezera manja, ana akuthamanga nafe limodzi. Poyamba agogo anauma gwa, manja pamaondo. Koma pang'onopang'ono ndinaona msana wawo ukubwerera mpaka unakhudza mpando. Anaika mkono pachitseko. Anayamba kung'ung'udza nyimbo ya ngoma ya kwawo, phazi likuponda pansi motsatira. Ndinawayang'ana kumaso, ndipo munthu ndinamuonayo ndinali ndisanamuonepo m'nyumba mwathu. Makwinya anali atamasuka, maso akuwala, mano awo ochepa aja ali pamtunda.

"Esitere akanaona," anatero, osayang'ana kwa ine.

Ndinawaona bambo chapatali, atapotoza kale chiuno, kamera ili kumaso. Ndinawakoka agogo jekete. "Agogo, ndi apo! Yang'anani uku!" Anadzutsa mutu, anakonza tayi, anatembenukira kumene kunali bambo. Koma chapafupi ndi pamene bambo anaima panali katenti, ndipo pansi pake panakhala azungu okalamba pamipando yopinda. Pakati pawo panali gogo wina woonda, wa tsitsi loyera, ndodo ili pamiyendo. Anali dona, mkazi wa malemu bwana uja, atabwera kudzaona galimoto ya mwamuna wake. Ataiona anakweza dzanja. Sindikhulupirira kuti donayo anawazindikira agogo n'komwe. Moni wakewo unali wa galimoto.

Dzanja la agogo silinawafunse. Linakwera lokha, linavula chipewa n'kuchitsitsa kutsogolo kwa nkhope, mutu ukuwerama, msana ukuchoka pampando. "Yebo, misisi," ndinawamva akunong'ona. Zonsezi zinachitika m'kuphethira kwa diso. Pomwe chipewa chinkafika pachifuwa, tinali titawapitirira kale bambo, iwo akutsirizabe kutiperekeza ndi kamera yawo.

Ulendo wotsalawo agogo sanaimbenso. Chipewa anachigwirira pamiyendo, ndipo pampando sanatsamirenso. Titatsika ndinathamangira kwa bambo kukawafunsa ngati anadina chipewa chisanatsike. Anati sakudziwa, chifukwa pa nthawi yodinayo kamera nayo imaphethira, wojambula amaona mdima. Filimu anaitsuka tsiku lomwelo n'kuiyanika pachingwe. Atayang'ana padzuwa anangoti mawa.

Mawa lakelo, titaweruka kutchalitchi, anandilola kulowa nawo m'bafa kwa nthawi yoyamba. Munali motentha, kababu kofiira kakuyaka pakona, fungo lija likutsamwitsa. Anaika pepala loyera pansi pa makina awo okulitsira chithunzi, kenaka analimiza m'beseni la mankhwala n'kumaligwedeza pang'onopang'ono. Poyamba panalibe kanthu. Kenaka panatuluka nyale ziwiri, thupi lakuda lonyezimira, a Ndlovu atagwira chiwongolero, ine kumbuyo pakamwa pali yasa. Majakaranda ndi anthu anali atasanduka mizeremizere, matayala akuzungulira, moti ngakhale mwana akanadziwa kuti galimotoyi ikuthamanga. Pa zithunzi zonse zimene bambo anajambulapo, ichi ndicho chinali chokongola koposa. Pambali panga panali suti yooneka ngati yogula dzulo, dzanja la mitsempha, ndi chipewa. Ndinadikira kuti nkhope ituluke, poganiza kuti mwina imachedwerako.

"Gwedezaninso, bambo."

"Palibe chatsala, mwanawe," anatero, n'kulivuula pepalalo.

Agogo anali pakhonde. Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, chapafupi, chapatali, chapafupinso. Mayi anayamba kulalata, kufunsa kuti dona ameneyo anawapatsa chiyani choti mpaka lero azimuvulira chipewa, kenaka analowa m'nyumba akulira.

"Galimoto yatuluka bwino, a Banda," agogo anatero. "Dzanja lanu ndi labwino. Langali ndiye lopusa." Kenaka anawonjezera kuti, "Chaka chamawa chipewa ndidzachisiya kunyumba."

Tinaseka, chifukwa panalibe china choti tichite. Bambo anawapempha kuti awajambule pomwepo pakhonde. Mayi anachita kuwagwadira. Agogo anakana. Anati munthu amene wadikira moyo wonse sangalephere kudikira chaka chimodzi. A Nachisale atadutsanso n'kufunsa ngati pali choti atenge, agogo anawauza kuti akawauze a Esitere adikire majakaranda. Bambo akanatha kuwaba, akanatha ndithu. Anali katswiri wojambula zinthu zothamanga, nanga nkhalamba yowodzera padzuwa ikanawavuta chiyani? Koma ankati mkamwini saba nkhope ya apongozi ake. Mpaka lero ndimawakwiyira bambo chifukwa cha ulemu wawowo. Ulemu ndi umene unatilanda nkhope ija pamsewu, ulemu womwewo unatilandanso pakhonde.

Majakaranda sanawapeze. Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira, ndipo chinawatenga msanga. Anthu a bungwe la maliro la akwathu anabwera ndi nkhuni, anaimba nyimbo za Chichewa zimene ife ana tinkangotsatira mawu ake omalizira, n'kukawaika kumanda a ku Luveve. Titafuna chithunzi choika pabokosi, tinapeza kachitupa kawo kachitsulo, koma kankhope kake kanali katakalikakalika m'thumba mpaka kusanduka mthunzi. Pabokosi tinangoikapo chipewa.

Bambo anatsuka chithunzi chija kachiwiri, ndipo mayi anawapatsira a Nachisale pamodzi ndi uthenga wa maliro. A Nachisale atabwerako anatifotokozera. Anapeza maso a a Esitere atatsekeka kale. Gogoyo analandira pepalalo ndi manja awiri, n'kumalisisita ndi zala.

"Ali m'galimoto?" anafunsa.

"Ali m'galimoto, mayi."

"Yaima?"

"Ayi, ikuyenda."

"Ndiye wabwera nayodi," anatero a Esitere, n'kulikulunga m'chitenje chawo. A Nachisale anati za chipewa sanawauze.

Tsopano ndimakhala ku Nketa, bambo ndi mayi onse anatsikira kulichete, ndipo bafa yanga imangonunkha sopo. Kamera ija ili m'kabati, filimu yake sindikudziwa kumene munthu angaipeze. Magalimoto amakedzana amatulukabe nthawi zina, ochepa, ndipo m'mbali mwa msewu aliyense amakweza foni yake n'kudina kambirimbiri, osapotoza chiuno, osaperekeza. Ana anga amandijambula ndikutafuna, ndikuyasamula, ndikugona pasofa. Nkhope yanga ili paliponse, koma kumudzi kulibenso amene akuifunsa.

Mwezi wathawu mwana wanga wotsiriza, amene Chichewa amangomva koma kuyankha amayankha m'Chindebele, anapeza chithunzi chija m'kabati. Galimoto anaikonda, ine anandiseka mano. Kenaka anaika zala ziwiri pachipewa n'kuzitambasula monga amachitira pafoni. Zitakanika anayesa kuchikankhira pambali ndi chala chimodzi.

"Ngubani lo, mama?" anafunsa, kufuna kudziwa kuti ameneyu ndani.

Ndinafuna kumufotokozera. Paja mwa anthu onse amoyo ndine ndekha amene ndinaiona nkhope imene anavala tsiku lija. Ndinatsinzina kuti ndiione bwino. Mphepo ndinaimva, nyimbo ndinaimva, kutentha kwa mpando ndinakumva, koma pamene panayenera kukhala nkhope pankangotsika chipewa. Ndinalira, mwanayo n'kudabwa.

"Ndi agogo anga," ndinamuuza. "Akupereka moni."